Kutsogolera kauniuni wa boma pakati pa anthu a Aboriginal ku Australia popanda kuwapweteka kachiwiri

Ngati mumagwira ntchito m'boma kuno ku Australia, kaya ku ofesi ya ombudsman (yofufuza madandaulo a anthu pa nthambi za boma), kwa komishonala woona za ana, kapena ku nthambi younika momwe ndalama ndi mapologalamu zayendera, tsiku lina mudzapatsidwa udindo wofufuza ngati boma likukwaniritsa zomwe linalonjeza kwa anthu a mtundu wa Aboriginal ndi a ku zilumba za Torres Strait. Ine ntchitoyi ndaigwira kwa zaka zingapo, poyamba ngati wothandizira, kenaka ngati wotsogolera gulu. Ndikufuna ndikufotokozereni momwe ndimaiyendetsera ndi zifukwa zake.

Choyamba n'kudziwa amene akufunsidwa mafunso. Ndi boma. Zikumveka ngati zosafunika kunena, koma kauniuni wambiri amatembenuka pang'onopang'ono osazindikira. Mumayamba ndi funso lakuti n'chifukwa chiyani nthambi ya zaumoyo sinatsegule chipatala chomwe inalandirira ndalama, ndipo pofika mwezi wachitatu gulu lanu likufunsa chifukwa chomwe amayi sabwera ndi ana kusikelo. Funso lachiwirilo ndi losavuta kufufuza, ziwerengero zake zilipo kale, ndipo silikwiyitsa bwana aliyense. Ine ndimalemba funso lenileni la kauniuni pamwamba pa tsamba loyamba la chikalata chilichonse chomwe gulu likugwiritsa ntchito, ndipo chiganizocho chimayamba ndi dzina la nthambi ya boma.

Musanapite kwina kulikonse, werengani mbiri ya kafukufuku amene anabwera inu musanabwere, chifukwa anthu amene mukakumane nawo amaidziwa pamtima. Mu 1991 komishoni yofufuza ya boma yotchedwa Royal Commission into Aboriginal Deaths in Custody inamaliza kufufuza imfa za anthu 99 omwe anafera m'manja mwa apolisi ndi m'ndende, ndipo inapereka malangizo 339. Anthu akuferabe m'zitokosi mpaka lero. Mu 1997 lipoti la Bringing Them Home linasonkhanitsa umboni wa ana omwe boma linkawalanda kwa makolo awo, ndipo kupepesa kwa nduna yaikulu Kevin Rudd kunadzabwera pa 13 February 2008. Koma nkhani yomwe ndimaumiriza wantchito aliyense watsopano kuti aidziwe ndi ya 2007. Pat Anderson ndi Rex Wild anayenda m'midzi ya ku Northern Territory, anthu anawakhulupirira n'kuwauza zinthu zowawa zokhudza nkhanza kwa ana, ndipo langizo loyamba la lipoti lawo linali lakuti boma likambirane moona mtima ndi anthuwo. Boma la John Howard linatenga lipotilo n'kutumiza asilikali m'midzi, kuika malamulo pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za chithandizo, ndi kuimitsa lamulo loletsa tsankho la Racial Discrimination Act kuti zonsezi zitheke. Gogo wina akakuyang'anani nthawi yaitali osayankha funso lanu, dziwani kuti akuganizira zomwe mawu ake angadzagwiritsidwe ntchito inu mutachoka.

M'zikalata za ntchito mudzapezamo mawu akuti cultural safety. Ganizoli linachokera kwa Irihapeti Ramsden, namwino wa mtundu wa Māori ku New Zealand, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mutu wake ndi umodzi: woweruza ngati thandizo lamulemekeza kapena lamuchepsa ndi wolandirayo, osati woperekayo. Bungwe la Ahpra, lomwe limayang'anira ogwira ntchito zachipatala kuno, linatsatira mfundo yomweyi. Kwa ife zikutanthauza kuti maphunziro a tsiku limodzi ndi satifiketi yake sizikwanira. Simungadzilembere nokha mu lipoti kuti ntchito yayenda mosapweteka anthu. Payenera kukhala njira yoti iwowo anene, ndi mphamvu yoti akanena zinthu zisinthe.

Muyeso woyezera boma ulipo kale, simufunika kupeka wanu. Mu July 2020 maboma onse a Australia, lalikulu ndi a zigawo, anasaina National Agreement on Closing the Gap, pangano lothetsa kusiyana kwa moyo pakati pa anthuwa ndi ena onse, pamodzi ndi Coalition of Peaks, mgwirizano wa mabungwe oyendetsedwa ndi eni ake a Aboriginal, womwe pa zokambiranazo unkatsogoleredwa ndi Pat Turner. Ambiri amathamangira ku zolinga 19 za ziwerengero, monga kuchepetsa ndi 45 peresenti kuchuluka kwa ana olandidwa m'mabanja pofika 2031, kapena kuchepetsa ndi 15 peresenti kuchuluka kwa anthu aakulu msinkhu omwe ali m'ndende. Ine ndimayambira pa masinthidwe anayi omwe maboma analonjeza okha: kupanga ziganizo pamodzi ndi anthuwo, kulimbikitsa mabungwe awo, kusintha kagwiridwe ntchito ka nthambi za boma, ndi kugawana nawo ziwerengero za m'madera mwawo. Zinayizi ndi zochita za boma, choncho ndi zomwe mungalifunse mwachindunji. Ndime 67 ya mgwirizanowo inati pofika 2023 boma lililonse likhale ndi bungwe loima palokha lolondoloza kusintha kwa nthambi zake. Productivity Commission, bungwe loima palokha lolangiza boma, itaunika mu February 2024 inapeza kuti maboma kwakukulu sanachite zomwe anasainira, ndipo ambiri amangosintha pang'ono zomwe ankachita kale. Lipoti limenelo liwerengeni lonse, likupatsani mafunso okwanira chaka chathunthu.

Tsopano pa gawo lomwe ndimathera nthawi yambiri. Musalembe malire a kauniuni muli nokha mu ofesi. Pitani kaye kwa mabungwe a eni ake omwe akugwira kale ntchito pa nkhaniyo. Pa zaumoyo pali NACCHO, mgwirizano wa zipatala za m'madera zoyendetsedwa ndi eni ake, zomwe chiyambi chake ndi Aboriginal Medical Service ya ku Redfern mu 1971. Pa za ana pali SNAICC, AbSec ku New South Wales ndi VACCA ku Victoria. Pa za malamulo pali ma Aboriginal Legal Service, mabungwe othandiza anthuwa pa milandu. Afunseni kuti, mwa zonse zomwe nthambi iyi ikuchita, ndi chiti chomwe akufuna wina wokhala ndi mphamvu yoitanitsa mafayilo achiyang'ane. Yankho lawo kawirikawiri limasiyana ndi lomwe ofesi yanu inkaganiza. Pa ntchito ina tinkafuna kuwerengera misonkhano yomwe nthambi inachititsa ndi anthu, koma akuluakulu a bungwe lina anatiuza kuti vuto lawo ndi makontrakiti a chaka chimodzi chimodzi, omwe amachititsa kuti antchito awo abwino azichoka chaka chilichonse ndalama zisanatsimikizike. Tinasintha funso, ndipo mafayilo anaonetsa zomwezo.

Kenaka pangani komiti yotsogolera ntchito yomwe ambiri mwa mamembala ake, ndi wapampando, ndi a Aboriginal, osankhidwa ndi mabungwe awo osati ndi inu. Mphamvu za komitiyo zilembedwe ntchito isanayambe. Ine ndimalemba zinayi: kuvomereza mafunso a kauniuni, kusankha madera ndi njira yofikira anthu, kuletsa kugwiritsa ntchito nkhani iliyonse ya chikhalidwe yomwe akuona kuti siyoyenera kutuluka, ndi kuwerenga lipoti lisanasindikizidwe. Pali chimodzi chomwe muyenera kuwauza poyera tsiku loyamba. Ngati ofesi yanu inakhazikitsidwa ndi lamulo, monga ya ombudsman, chigamulo chomaliza cha zomwe zapezeka chimakhala cha mwini ofesiyo, ndipo sangachipereke kwa wina. Musabise zimenezi pofuna kuti msonkhano woyamba ukome. Chomwe mungalonjeze n'chakuti komiti ikatsutsana ndi chigamulo, mawu awo adzasindikizidwa mu lipoti momwemo, m'mawu awoawo. Anthu amalandira malire akauzidwa poyamba. Chomwe sakhululuka n'kutulukira pa mapeto kuti anali alangizi chabe pomwe anauzidwa kuti ndi eni ntchito.

Bajeti ionetse zomwe mwalonjezazo. Mamembala a komiti ndi akuluakulu omwe akupatsani nthawi yawo azilipidwa monga momwe mungalipirire katswiri wina aliyense, ndipo funsani njira yolipirira yomwe siisokoneza ndalama zomwe ena amalandira ku Centrelink, ofesi ya boma yopereka ndalama za chithandizo. Ikanimo ndalama za omasulira, za chakudya, za mafuta a galimoto yonyamula agogo, ndi za ulendo wobwerera kukafotokoza zotsatira. Ulendo wobwererawo ndi womwe umadulidwa koyamba ndalama zikachepa, choncho ine ndimaupatula pa mzere wakewake ndipo ndimauza bwana wanga kuyambira pachiyambi kuti mzere umenewo sukhudzidwa.

Nthawi nayo muiwerengere mowolowa manja. Kumpoto kwa dziko mvula imagwa kuyambira cha mu November mpaka April, mitsinje imadzaza ndipo misewu yambiri yopita ku midzi imatsekeka. Malo ambiri a ku Northern Territory ndi a eni ake pansi pa lamulo la 1976 la Aboriginal Land Rights, ndipo kulowamo pa ntchito kumafuna chilolezo chodzera ku Northern Land Council kapena Central Land Council. Koposa zonse pali maliro, omwe iwo amawatchula kuti sorry business, ndipo amatha kutenga masabata. Ife ochokera ku Africa sitifunika kuphunzitsidwa: m'mudzi mukagwa zovuta khasu silipita kumunda. Mukamva kuti kwagwa maliro, imitsani ulendo ngakhale matikiti a ndege mutagula kale, tumizani mawu opepesa kudzera mwa munthu amene akukulumikizani, ndipo dikirani kuti iwo anene tsiku. Ngakhale makhoti akuphunzira. Woweruza Elisabeth Armitage, yemwe ankafufuza imfa ya Kumanjayi Walker, mnyamata wa mtundu wa Warlpiri amene anawomberedwa ndi wapolisi ku mudzi wa Yuendumu mu 2019, anachedwetsa kulengeza zomwe anapeza mu 2025 chifukwa mudziwo unali pa maliro ena, ndipo atakonzeka anapita kukawerengera ku Yuendumu komweko. Dzina lakuti Kumanjayi, lomwe limatchulidwa m'malo mwa dzina lenileni la womwalira, likukumbutseni kuti m'madera ambiri dzina la womwalira silitchulidwa, ndipo chithunzi chake sichionetsedwa popanda chilolezo cha banja.

Musaganize kuti mudzi uli ndi mfumu imodzi yomwe ikavomera ndiye kuti onse avomera. Kusanabwere atsamunda kunali zilankhulo zoposa 250, ndipo matauni ndi midzi yambiri ya lero inayamba ngati mamishoni kapena malo osungirako anthu omwe boma linawasamutsa kuchokera kosiyanasiyana. Pamalo amodzi mumapeza eni nthaka enieni a pamenepo ndi mabanja ena omwe akhalapo mibadwo itatu kapena inayi. Mukangolankhula ndi banja lomwe likuyendetsa bungwe lalikulu, ena adzaona ngati kauniuni ndi wa banja limenelo. Funsani wolumikiza wanu kuti ndani sabwera ku msonkhano ukachitikira pa ofesi yakutiyakuti, ndipo konzani wina kwina. Pali nkhani za amuna zokha ndi za amayi zokha, choncho gulu lanu likhale ndi onse awiri. Pali achibale ena omwe mwambo suwalola kukhala m'chipinda chimodzi kapena kulankhulana. Akuluakulu amatchulidwa kuti Aunty kapena Uncle, koma dikirani kuti akuuzeni kapena akudziwitseni choncho. Polemba, tchulani mtundu weniweni wa munthu ngati akufuna, kaya Wiradjuri, Noongar, Yolŋu kapena Arrernte, ndipo musafupikitse dzina la mitundu yonse kukhala zilembo zinayi monga zimachitikira m'mafayilo akale, chifukwa ambiri zimawanyoza.

Ndinene mawu kwa ife ochokera ku Africa. Anthu ambiri a Aboriginal adzakulandirani mwansangala, ena adzakutchulani kuti brother kapena sister, ndipo nkhani ya utsamunda mudzaimvana msanga. Zimenezi n'zamtengo wapatali, koma sizikuchotsani m'boma. Mwafika pa galimoto ya boma, ndi chitupa cha boma pakhosi, pa dziko lomwe munalowa ndi chilolezo cha boma lomwe linawalanda dzikolo. Musagwiritse ntchito khungu lanu kuti munthu akuuzeni zomwe sakanauza mzungu, pokhapokha mutatsimikiza kuti mungathe kuteteza mawu akewo.

Pofunsa anthu, lolani iwo asankhe malo, ndipo kawirikawiri sadzasankha nyumba ya boma. Tengani womasulira wophunzitsidwa, monga a ku Aboriginal Interpreter Service, ngakhale munthuyo akuoneka kuti amalankhula Chingelezi, chifukwa Kriol, chilankhulo cha kumpoto chomveka ngati Chingelezi, ndi Chingelezi cha Aboriginal zili ndi matanthauzo akeake. Akatswiri a zilankhulo monga Diana Eades anaonetsa kalekale kuti pamaso pa munthu waudindo ambiri amayankha kuti inde pofuna ulemu kapena kuti mafunso athe, osati chifukwa avomera. Choncho pewani mafunso a inde kapena ayi. Nenani kuti, "Ndiuzeni zomwe zinachitika tsiku lomwe anabwera kunyumba," kenaka khalani chete. Chete wautali ndi mbali ya kuyankha, musamudzaze ndi funso lina. Musanayambe, fotokozani zomwe simungathe kusunga mwachinsinsi. Ku Northern Territory munthu wamkulu aliyense amakakamizidwa ndi lamulo kukanena akaganizira kuti mwana akuzunzidwa, ndipo m'zigawo zina lamulo limakhudza ogwira ntchito zosiyanasiyana. Mayi amene akufuna kukuuzani za momwe nthambi ya ana inamuchitira ayenera kudziwa zimenezi asanatsegule pakamwa. Konzaninso munthu wa m'deralo woti akamuone tsiku lotsatira, ndipo siyani nambala ya 13YARN, foni yothandiza anthu ovutika mumtima yomwe amayankha ndi a Aboriginal okhaokha.

Pa ziwerengero pali msampha. Maggie Walter, pulofesa wa mtundu wa Palawa, wakhala akunena kuti ziwerengero za boma zokhudza anthu ake zimangoonetsa kusowa, kusiyana ndi ena ndi kusokonekera, ndipo sizinena kanthu za zomwe iwowo akufuna kudziwa. Mfundo za 2018 za Maiam nayri Wingara, gulu la akatswiri a ziwerengero a mitunduyi, ndi malamulo a kafukufuku a 2020 a AIATSIS, bungwe la boma lofufuza za mitunduyi, zimati anthuwo akhale ndi ulamuliro pa nkhani zowakhudza. Pa ntchito yanu, gwirizanani molemba kuti matepi ndi zolemba adzasunga ndani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ngati munthu angabweze umboni wake mpaka liti. Kumbukirani kuti m'mudzi wa anthu 300 kuchotsa dzina sikubisa munthu: mukangolemba kuti agogo aakazi olera adzukulu asanu, aliyense wamudziwa, kuphatikizapo wantchito wa boma amene akumudandaulayo. Ndipo tchati chilichonse chosonyeza mavuto a anthu chikhale ndi chinzake chosonyeza zochita za boma: ndalama zingati zinatuluka, zingati zinafika ku mabungwe a eni ake, zingati zinathera ku likulu, malo angati a ntchito anakhala opanda munthu.

Kuti muone zomwe zimachitika ziwerengero zikafika m'manja mwa eni ake, phunzirani za Maranguka, ntchito yoyendetsedwa ndi eni ake yochepetsa milandu ku Bourke, tauni ya kumadzulo kwa New South Wales. Bourke Tribal Council, khonsolo ya mitundu ya Aboriginal ya m'tauniyo, inapempha ziwerengero za apolisi, masukulu ndi makhoti za tauni yawo, n'kuona yokha pomwe achinyamata amagwera m'manja mwa lamulo. Chimodzi mwa zomwe anapeza chinali milandu yoyendetsa galimoto popanda laisensi, ndipo anayambitsa maphunziro oyendetsa galimoto. Kampani yowerengera zachuma ya KPMG itawerengera inapeza kuti mu 2017 nkhanza za m'banja zolembedwa ndi apolisi zinatsika ndi 23 peresenti, ndipo phindu la ntchitoyo chaka chimenecho linali pafupifupi madola 3.1 miliyoni.

Mukatembenukira ku nthambi ya boma, musakhutire ndi ndondomeko zolembedwa bwino. Itanitsani mafayilo enieni. Megan Davis, pulofesa wa zamalamulo, atapatsidwa kauniuni wa Family is Culture ku New South Wales, gulu lake linawerenga mafayilo a ana 1,144 omwe analandidwa m'chaka chimodzi, ndipo lipoti la 2019 linaonetsa kuti lamulo lakuti mwana wa Aboriginal aikidwe kaye kwa achibale ake linkatsatidwa pa fomu pokha, pomwe kufunafuna achibalewo sikunkachitika mokwanira. Andrew Jackomos, yemwe anali komishonala woona za ana a Aboriginal, anachita zofanana ku Victoria ndi Taskforce 1000, kuunika mwana mmodzimmodzi. Zoterezi sizioneka mu lipoti la pachaka la nthambi. Zimaoneka mukaika zomwe fayilo ikunena pambali pa zomwe banja likunena za tsiku lomwelo.

Antchito a Aboriginal a m'gulu lanu asamalireni mwapadera. Iwo akaweruka amabwerera ku mabanja omwe nkhanizi zikuwakhudza, ndipo lipoti likalakwika ndi iwo amene adzafunsidwe pa maliro ndi pa mpira, osati inu. Musamusandutse mmodzi kukhala woyankha funso lililonse la chikhalidwe kuwonjezera pa ntchito yake. Lembani oposa mmodzi, ena akhale pa maudindo opanga ziganizo, apatseni mlangizi wa chikhalidwe wakunja kwa ofesi, ndipo akanena kuti sangapite ku dera lakuti chifukwa cha ubale, musawafunse kuti afotokoze zambiri.

Lipoti likalembedwa, chilungamo chimafuna kuti nthambi yomwe mwaidzudzula iwerenge ndi kuyankha lisanatuluke. Masabata omwewo perekaninso mwayi kwa komiti ndi kwa omwe anapereka umboni, aliyense aone mawu ake ndi ziganizo zowazungulira. Ndaonapo nthambi ina ikubweza ndemanga zambirimbiri zofuna kufewetsa mawu, kuti pomwe panalembedwa "sinachite" palembedwe "ikukonzekera kuchita". Landirani kukonza kwa mfundo zolakwika, koma kanani kufewetsako, ndipo komiti ione kusintha kulikonse komwe mwavomera.

Malangizo akhale ochepa, lililonse likhale ndi dzina la udindo woyenera kulichita, tsiku lomalizira, ndi chizindikiro chomwe munthu wa ku Bourke kapena ku Yuendumu angachione ndi maso ake. Musalembe kuti nthambi ilimbikitse ubale ndi anthu. Lembani kuti makontrakiti a mabungwe akutiakuti akhale a zaka zisanu kuyambira chaka chandalama chikubwerachi. Tsiku lotulutsa lipoti mulisankhe ndi komiti, ndipo anthu a m'madera amve kuchokera kwa inu, pamaso, m'chilankhulo chawo, atolankhani asanalembe. Tsamba limodzi la mawu osavuta kapena mawu ojambulidwa oti aulutsidwe pa wailesi ya m'deralo zimafika patali kuposa buku la masamba 200.

Pomaliza pake lembani m'kalendala ya ofesi tsiku loti mudzafunsenso nthambiyo, pakatha miyezi 12 ndi 24, langizo ndi langizo, ndipo mayankho ake adzasindikizidwe poyera. New South Wales inaika ntchito yotereyi m'lamulo mu 2014 pokhazikitsa udindo wa Deputy Ombudsman woona za mapologalamu a Aboriginal, kuti azilondoloza mosalekeza OCHRE, ndondomeko ya boma la chigawocho pa nkhani za Aboriginal. Ngati ofesi yanu ilibe mphamvu ngati imeneyo, pemphani kuti komiti yanu isathetsedwe lipoti likatuluka, ipatsidwe ndalama za misonkhano iwiri pachaka, ndipo mkulu wa nthambi yomwe munaiunika azibwera yekha kudzayankha pamaso pawo.